Zenera Lomwe Munasiya Lotsegula

Lachisanu, 18 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi mwana wathu uja. Ife kuno tilipo, kungoti ine mutu unaima Lachiwiri ndipo mpaka lero sunayambe kuyenda bwinobwino. Kalatayi ndailemba pamanja, ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya alamu, poti yanu ikangoona nambala yanga imadwala. Sindikudandaula ayi. Ndikungopempha kuti muiwerenge mpaka kumapeto, ngakhale mukhale mukundinena chamumtima, chifukwa pali zinthu zomwe zandisokoneza ndipo palibe wina angandimasulire koma inu.

Kachipinda kathu ka pa chipatala cha maso kadakali momwe munakasiyira, kuseri kwa pogawira mankhwala paja. Seva, kompyuta yaikulu ija, ikadali pansi pa tebulo, mpando ukadali wopendekera kumanzere, ndipo zenera lakuda lija, momwe timalembamo malamulo seva n'kumayankha pompopompo, linali lotsegula chichokereni inu mu Meyi. Paja pulogalamu yonse ya chipatala munaiyambitsira m'zenera limenelo, ndipo munandiuza kambirimbiri kuti: "Phuma, zenera ili usalitseke, ndipo usanakhudze buku, funsa." Lamulo loyambalo ndinalisunga miyezi isanu. Lachiwirilo ndi lomwe landilembetsa kalatayi.

Buku ndikunenali mukulidziwa, ndi mojulo yanu ija, kachigawo ka pulogalamu kosunga mayina ndi manambala a foni a anthu odikira opaleshoni ya ng'ala. Munalipanga kuti mayinawo lizikhala nawo m'mutu, ndipo ola lililonse liziwalemba mu fayilo pa disiki. Madokotala a opaleshoni akubwera pa 28, ndipo chiyambire Seputembala Mayi a Pakauntala analembetsa anthu 236. Mapepala olembetsera kulibe. Ndine ndemwe ndinawauza kuti mapepala ndi achikale, azingolemba pa kompyuta, ndipo iwo anandimvera poti ndine bambo wa makompyuta.

Lachiwiri kunabwera amisiri amagetsi kudzanena kuti Lachisanu adzasintha mabatire a seva, ndiye iyenera kudzazima kwa ola limodzi. Ndinavomera mosavuta. Atatuluka ndinati ndingoona fayilo ya mayina ija, kungotsimikiza basi. Achemwali, fayiloyo inalembedwa komaliza mu Ogasiti. Munalibe dzina ngakhale limodzi la anthu a ulendo uno. Ndinaitseka n'kuitsegulanso katatu, ngati kuti mayinawo anabisala kuseri kwa chitseko.

Chifukwa chake ndinachipeza msanga, ndipo ndichinene ndisanayambe kuchikometsa. Folda yomwe fayiloyo imakhala munaitcha "zanga2". Mu Ogasiti ine ndinaona kuti dzina limenelo silaulemu pa chipatala, ndiye ndinalisintha kuti likhale "mayina_a_odwala". Buku linapitiriza kufunafuna "zanga2", osaipeza, n'kumangokhala chete. Ndiye kuti anthu 236 onsewo anali m'mutu mwa zenera lakuda mokha, ndipo Lachisanu amisiri akadzangozimitsa seva, palibe amene akanadziwa woti amuimbire foni ndani.

Ndikudziwa zomwe mukunena panopa. Ndikanangobwezera dzina la folda, kapena ndikanalamula zenera kuti lilembe mayinawo mu fayilo ina pomwepo, mzere umodzi wokha. Lero ndikuziona bwinobwino njira ziwirizo. Tsiku limenelo sindinaone ngakhale imodzi. Chomwe chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti buku lanu lili ndi vuto ndipo ine ndilikonza, ndiye ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti mawa ndikaonetsa luso.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula fayilo ya buku, ndinasintha dzina la folda mmenemo, ndinasunga. Kenako ndinapita pa zenera lakuda n'kuliitananso bukulo, monga momwe timaitanira mojulo iliyonse. Zenera linavomera, osadandaula. Ndinalilamula kuti lilembe mayina pa disiki. Palibe chinachitika. Ndinaliitananso, n'kulamulanso. Zii. Ndinayang'ana zomwe ndinasinthazo chilembo ndi chilembo, zonse zinali bwino.

Ndinaganiza zoliyesa. Pamwamba penipeni pa fayilo ndinaikapo mzere woti buku likangowerengedwa linene kuti MONI PHUMA. Ndinaliitana, silinandipatse moni. Ndinalemba zopanda mutu pakati pa fayilo, zilembo zongogundagunda zomwe pulogalamu ina iliyonse ikanakana, koma zenera linalandira ndi manja awiri ngati palibe cholakwa. Apa ndiye ndinayamba kukayika chilichonse. Ndinati kapena ndikusintha fayilo ina yofanana dzina. Ndinati kapena pali seva ina yomwe simunandiuze. Ndinagwada pansi pa tebulo kutsatira waya ndi dzanja kuchokera pa sikirini mpaka pa seva, ndipo ndinatuluka ndi kangaude m'tsitsi. Panatsala pang'ono kuti ndikapemphe anamwino andiyeze maso, poti malo ake ndi omwewo.

Masana ndili kakasi choncho, ndinamva mawu a Atelala pakauntala. Simukuwadziwa, anayamba kubwera mutachoka. Ndi bambo wamtali, waulemu, wa ng'ala m'maso onse awiri, ndipo amabwera Lachitatu lililonse kudzafunsa ngati dzina lawo likadalipo. Amati akazi awo ndiwo amawalowetsera ulusi mu singano ya makina m'mawa asanapite ku ntchito, ndiye ulusi ukangoduka, iwo amangokhala pakhonde kudikira wodutsa wamaso. Mayi a Pakauntala anawawerengera pa sikirini kuti ali pa nambala 58, ndipo Atelala anaseka n'kunena kuti akadzayamba kuona adzandisokera malaya poti amva kuti ndine amene ndimasunga mayina. Ndinathokoza nditayang'ana pansi.

Lachinayi m'mawa ndinafufuza pa intaneti, ndipo ndinapeza chomwe inu mwina mumachidziwa ngati dzina lanu. Zenera lija likawerenga mojulo kamodzi, limaisunga m'kathumba kake komwe amakatcha kashi, ndipo ukaiitananso silipitanso ku fayilo, limangopisa m'kathumbamo n'kukupatsa yakale yomweyo. Ndiye kuti tsiku lonse Lachitatu ine ndimalemba m'fayilo yomwe palibe amaiwerenga. Tsamba lomwe ndinapezalo linati ukafuna yatsopano, uyambe wachotsa yakaleyo m'kashi. Tsambalo linapitirira mpaka pansi, panali ndime zina zitatu. Sindinaziwerenge.

Ndinachotsa zopanda mutu zija m'fayilo, ndinachotsa buku m'kashi, ndinaliitananso pa dzina lomwelo lakuti buku. Pa sikirini panatuluka MONI PHUMA. Ndinavina ndili pampando mpaka unatsala pang'ono kundigwetsa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinalifunsa buku kuti lili ndi mayina angati, n'cholinga choti ndiwalembe pa disiki, ndipo linayankha kuti 0.

Ndinafunsanso. 0. Buku latsopano linabadwa lopanda kanthu, ndipo dzina lakuti buku, lomwe ndi chogwirira chokha chomwe ndinali nacho cha lakale lija, ndinali nditalipereka kwa latsopanoli ndi manja anga. Ndinathamangira kukauntala thukuta lili kamukamu. Kumeneko sikirini inali yodzaza mayina, onse 236, ndipo Mayi a Pakauntala anali mkati molembetsa mtsikana wina wa sukulu, wa nambala 237. Ndinabwerera kwanga, 0. Ndinapitanso kukauntala, 237. Ndinayenda m'khonde limenelo kanayi, mpaka anamwino anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Achemwali, ichi ndi choyamba chomwe ndikufuna mundimasulire. Seva ndi imodzi, zenera ndi limodzi, fayilo ya buku ndi imodzi. Nanga zinatheka bwanji kuti mukhale mabuku awiri nthawi imodzi, lina lodzaza, lina lopanda kanthu? Panopa ndikuganiza kuti gawo lomwe limatumiza mayina ku sikirini ya pakauntala linali litagwirabe buku lakale, poti nalonso linaliitana kalekale mu Meyi. Koma ndikamaganiza choncho ndimamva ngati ndamvetsa, ndikafuna kufotokozera munthu wina zimabalalikanso.

Munthu wanzeru akanajambula sikirini ya pakauntalayo ndi foni, tsamba ndi tsamba. Ine ndinaganiza kuti vuto n'lakuti mbali ziwirizi sizikugwirizana, ndiye ndizigwirizanitse. Ndinachotsa m'kashi gawo la pakauntala lija, ndinaliitananso, n'kuliyambitsa mwatsopano. Zinagwirizanadi. Kwanga 0, kukauntala 0.

Sipanathe mphindi, Mayi a Pakauntala anaima pakhomo la kachipinda kathu magalasi ali m'manja.

"A Phuma, anthu anga apita kuti?"

Ndinawauza kuti ndi netiweki. Ndinanama, Achemwali, ndipo iwo anadziwa kuti ndanama, chifukwa sanafunsenso kanthu, anangopita kukaitana Adokotala Aakulu. Adokotala anabwera, anatseka chitseko, anandifunsa pang'onopang'ono ngati mayinawo alipo penapake. Ndinati ndikufufuza. Anafunsa ngati pali mapepala. Ndinati palibe. Anafunsa ngati fayilo ya pa disiki ingatithandize, ndipo ndinawauza za folda ija. Anayang'ana seva pansi pa tebulo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Potuluka anangoti:

"Paja munandiuza kuti zonse mukuzidziwa."

Apa ndiye pafika poti ndinene chomwe takhala tikuchizungulira miyezi isanu. Alamu atasamutsidwa ku ntchito, inu munapempha kuti muzigwirabe ntchito yanu muli komweko, muzilowa mu seva pa intaneti, ine ndizikhala manja anu kuno. Adokotala anandiitana pandekha kundifunsa maganizo. Ndinawauza kuti palibe chifukwa, zomwe mumachita si zovuta, zonse ndikuzidziwa. Ndinatero chifukwa ndinatopa kutchedwa mlongo wake wa uje. Ndinu munandiphunzitsa kugwira kiyibodi, ndinu munandipezera malo pa chipatalachi, ndipo ine ndinakutsekerani chitseko kuti ndikhale pampando wopendekerawu ndekha. Adokotala anakuuzani zimenezi m'mawa wa tsiku lanu lomaliza. Tsiku lonselo munakhala pa zenera lakuda osandiyang'ana, ndipo madzulo munanyamula kapu yanu n'kutuluka osatsazika. Sindinapepese. Ndimadziuza kuti mukapsa mtima mumachedwa kuzizira, ndidikire, koma zoona zake ndinali ndi manyazi.

Adokotala atatuluka ndinakhala ndekha. Ndinaganiza za Atelala ali pakhonde pa 28 kudikira foni yomwe sidzalira. Ndinaganiza zokuimbirani, koma ndinadziwa kuti simuyankha, ndipo chilungamo chake sindinadziwe kuti mukayankha ndiyambira pati. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya kale chisa chonse.

Posowa chochita, ndinayamba kudina batani la muvi woloza m'mwamba, lomwe limabweretsa malamulo omwe analembedwapo kale m'zenera, kuyambira lomaliza kubwerera m'mbuyo. Ndimati mwina ndiona mmene inu munkachitira mukafuna kuwerengetsanso mojulo. Ndinadutsa zopusa zanga za m'mawa umenewo, ndinadutsa za Lachitatu, ndinadutsa za Ogasiti, tsiku lomwe ndinasintha dzina la folda. Miyezi isanu ya ntchito yanga inadutsa m'maso mwanga chobwerera, ndipo yambiri inali malamulo olembedwa molakwika n'kubwerezedwa. Chala chinayamba kuwawa. Kenako ndinafika pa lamulo langa loyamba la mu Meyi, ndinadinanso kamodzi, ndipo panatuluka mzere womaliza womwe munalemba inu musananyamule kapu yanu.

Silinali lamulo. Inali ndemanga, ya mtundu uja womwe seva siiwerenga, umangolembera munthu:

"Phuma, ukadzaitananso buku osafunsa, usalire. Mayina ali mu zosunga."

Ndinadinanso kamodzi. Mu mzere wa pamwamba pake munali mutapatsa mndandanda wa mayina a m'buku dzina lachiwiri, lakuti zosunga. Ndinafunsa zenera kuti mu zosunga muli angati. Linayankha kuti 237.

Ulendo uno sindinavine. Ndinalemba mayinawo mu fayilo pomwepo, ndi mzere umodzi uja ndinauiwala Lachiwiri. Ndinaitsegula fayiloyo n'kuwerenga ndi maso anga, Atelala ali pa 58, mtsikana wa sukulu ali pa 237. Ndinaikopera malo atatu, ndinasindikiza papepala kawiri, kenako ndinawathira mayinawo m'buku latsopano. Ndinamva Mayi a Pakauntala akuseka kutsogolo kuja. Nditawapatsa mapepalawo anawaika m'kabati, anakhoma, kiyi n'kuika m'chikwama chawo, ndipo anandiuza kuti kuyambira tsopano mapepala achikale abwereranso, ndifune ndisafune.

Chachiwiri chomwe sindikumvetsa ndi ichi. Zosungazo munazilemba mu Meyi, pamene anthu amenewa anali asanalembetse n'komwe. Nanga munapezeka bwanji mtsikana yemwe analembedwa Lachinayi m'mawa? Ndikuganiza kuti simunakopere mayina, munangomangirira chingwe chachiwiri ku dengu lomwelo, ndiye ine nditadula zingwe zina zonse, chanu chinagwira. Ngati ndalakwitsa mundikonze. Ndime zitatu zija ndinaziwerenga pambuyo pake, ndipo zimachenjeza za zomwe ndinachitazo ndendende.

Koma chachitatu ndiye chandizunguza mutu kuposa zonse, ndipo pa intaneti palibe tsamba lake. Mizere iwiriyo munailemba madzulo a tsiku lomwe munamva zomwe ndinakuchitirani. Munali mutakwiya moti simunathe kundiyang'ana. Mukanangosiya, tsiku ngati la dzulo likanafika lokha, ndipo aliyense akanaona kuti wodziwa ntchito anali ndani. M'malo mwake munakhala pansi n'kuganiza kuti kodi mlongo wangayu adzagwera pati, n'kuyalapo mphasa. Ndakhala ndikuzitembenuza uku ndi uku ndipo sindikupeza mutu wake. Ine ndikanakhala inu sindikanatero, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa mawu a Adokotala.

Dzulo lomwelo ndisanaweruke ndinapita kwa Adokotala. Anayamba kundiyamika kuti ndawapeza mayina, ndipo ndinatsala pang'ono kulandira. Kenako ndinawatengera ku kachipinda n'kuwaonetsa ndemanga yanu. Ndinawauza kuti zomwe ndinanena mu Meyi zinali zabodza, kuti zambiri sindizidziwa, ndiponso kuti munthu yemwe wapulumutsa odwala awo ali kutali chifukwa cha ine. Anati akulemberani okha. Sindikudziwa kuti adzanena zotani, ndipo sindikudziwa ngati inu mungaifunenso ntchitoyi. Simuli okakamizidwa, ndipo mukakana ndidzamvetsa.

Amisiri amagetsi abwera lero cha m'ma 10. Asanayambe ndinakopera ndemanga yanu papepala, chilembo ndi chilembo, poti sindinadziwe ngati seva ikayakanso idzaikumbukira. Kenako ndinatseka zenera lanu lija. Amisiri anadabwa kuti munthu akuchedwa chiyani kudina batani limodzi. Seva yayakanso bwinobwino, buku lawerenga mayina onse kuchokera pa disiki, ndipo Mayi a Pakauntala ayamba kale kuimba mafoni. Atelala atauzidwa tsiku lawo anati ndipite akandiyeze. Ndawauza kuti malayawo si anga, mwini wake ndi wamfupi kuposa ine ndipo amakonda mtundu wobiriwira.

Amayi akupereka moni. Mwendo uja wasiya kutupa, akuyenda okha kupita kumsika. Amandifunsa kawirikawiri ngati mumandiimbira, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikuwayankha kuti inde, Lamlungu lililonse. Amangoti chabwino, chibale ndi fupa sichiwola, kenako amandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti nawonso, ngati Mayi a Pakauntala, amadziwa ndikamanama. Mawa ndikawauza zoona.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwathokoze pondinyamulira kalatayi. Mwana mumuuze kuti amalume ake akadalipo, sanasinthe, akadali a phuma. Pepani, Achemwali. Ndachedwa nalo liwu limeneli miyezi isanu, ine amene sindichedwa pa china chilichonse.

Zenera latsopano ndalitsegula, pulogalamu ikuyenda. Lamulo loyamba lomwe ndalembamo ndi lanu lija la zosunga. Pansi pake ndaikapo ndemanga yanga, ndipo njira yanu yolowera pa intaneti sindinaifufute, ikadali momwe munaisiyira. Mukadzalowa, tsiku lililonse lomwe mungafune, mudzadine muvi woloza m'mwamba mpaka muipeze ndemangayo. Ndalembapo kuti: "Achemwali, sindinakhudze buku. Ndikudikira kufunsa."

Ndine mlongo wanu,
Phuma